Zilembo Zovina za Bambo

3 Malichi

Okondedwa Bambo ndi Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Kuno ndili bwino, kupatula chifuwa chimene chinandigwira sabata yatha chifukwa cha fani ya mu ofesi, imene bwana safuna kuzimitsa ngakhale kunja kukugwa mvula. Amayi, bondo lija likuti bwanji? Pa foni mumangoti "tili bwino, tili bwino" ngati wina akukuthamangitsani, ndiye ndati ndilembe, poti Bambo nkhani ya ntchito saikambira pa foni.

Ndili ndi nkhani yabwino. Kwa nthawi yoyamba bwana wandipatsa ntchito yoti ndiigwire ndekha kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Pali mayi wina amene ali ndi sukulu ya mkaka, akufuna webusaiti. Bambo, musayambe kukwinya nkhope. Webusaiti ndi chikwangwani chomwecho, kungoti sichikhomedwa pakhoma, munthu amachiona pa foni kapena pa kompyuta. Chili ndi dzina la malo pamwamba, zithunzi, nthawi yotsegulira, njira yofikira ndi nambala yoimbira.

Vuto lili pa zilembo. Ife sitilemba ndi burashi, timasankha zilembo zopangidwa kale, ndipo mtundu uliwonse timautcha fonti. Mayiyu akufuna mitu ikhale ya zilembo zosewera, zoti kholo likangotsegula limve phokoso la ana. Ndamuonetsa mafonti khumi ndi awiri. Ena ali ndi timaso, ena ndi onenepa ngati mabaluni, ena akudontha. Onse wawakana. Akuti, "Izi ndinaziona kale pa paketi ya maswiti. Ine ndikufuna zoti wina aliyense alibe."

Ndiye ndinakumbukira kuti ndine mwana wa ndani. Bambo, ndikupempha mundilembere zilembo ndi dzanja lanu: A mpaka Z zazikulu, zazing'ono, manambala 0 mpaka 9, ndi tizizindikiro topumira. Penti wakuda papepala loyera, chilembo chilichonse kukula kwake chikhatho. Ine ndidzazijambula ndi makina n'kuzisandutsa fonti, yoti ndikadina A pa kompyuta patuluke A wanu. Koma zikhale zosewera, Bambo, zopendama pang'ono, zovina. Ndikudziwa kuti mawu amenewa akupwetekani m'makutu.

Mapepala ndatumiza pamodzi ndi kalatayi kudzera kwa dalaivala wa basi uja wa masiku onse. Ndikuzifuna pasanathe masabata atatu.

Ine mwana wanu,
Kadontho

11 Malichi

Kadontho mwana wanga,

Moni. Tili bwino. Akulemba ndi amayi ako, ine ndikungoyankhula, chifukwa manja anga ali penti yekhayekha. Bondo lawo likadali lomwelo, ndipo akuti ndisanene zambiri za ilo poti cholembera chili kwa iwo.

Kalata yako ndaimva. Zoti bwana wakukhulupirira, ndakondwa. Zoti ndikulembere zilembo zopendama, ayi. Zaka makumi anayi ndakhala ndikumenya chingwe cha choko pakhoma kuti chilembo chiime bwino. Mu msewu uno mulibe sitolo, butchala kapena saluni imene inganene kuti ndinailembera chokhota. Ndiye lero mwana amene ndinkamulola kuika madontho okha pamwamba pa i, atakwera pa chitini cha penti, akundiuza kuti ndivinitse zilembo? Chilembo chopendama ndi cha munthu amene sanayeze.

Ndikulembera zilembo zenizeni, zowongoka, monga ndimalembera. Ukazilandira ukazipotoze wekha pa kompyuta yakoyo, ngati mayi wa sukuluyo akufuna zoledzera. Tchimolo likhale lako.

Nkhani za kuno: ntchito yachepa. Paja panali ogulitsa matayala paja patsegulidwa shopu yosindikiza zikwangwani ndi makina. Munthu akalowa m'mawa, masana akutuluka ndi chinsalu cha pulasitiki chokhala ndi nkhope yake pomwepo. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi dzuwa lachifufutsa, koma anthu zimenezo saziona. Telala woyandikana nafe akadali ndi chikwangwani changa cha zaka khumi zapitazo, ndipo palibe chilembo chimene chasuluka.

Unditumizire maburashi awiri afulati, a ubweya wofewa, osati a pulasitiki aja unagula chaka chatha, amene amakanda ngati tsache. Masabata atatu ndi ambiri. Ntchito ngati imeneyi ine ndimaimaliza tiyi asanazizire.

Ndine bambo ako.

Uzivala juzi mu ofesimo. Awa ndi mawu anga ine amayi ako, sanandiuze ndi iwo.

8 Epulo

Bambo ndi Amayi,

Moni. Muli bwanji? Ine ndili bwino, chifuwa chinatha, juzi ndikuvala.

Bambo, tiyi uja wazizira, tamutenthetsanso, wazizira kachiwiri. Maburashi ndinatumiza pa 14 Malichi, ndipo dalaivala akulumbira kuti anawapereka m'manja mwa Amayi. Webusaiti yonse ndamaliza. Zithunzi za ana ali pa katungwe zili m'malo, nambala ili m'malo, koma mitu yonse ili ndi zilembo wamba za ofesi, moti tsamba likuoneka ngati chidziwitso cha kubanki. Mayi wa sukulu akuimba tsiku ndi tsiku, ndikangoona nambala yake ndimayamba kupepesa ndisanayankhe. Dzulo bwana anaima kumbuyo kwanga n'kufunsa kuti, "Kodi bambo akowo zilembozo akusema pamwala?" Ndinaseka nawo, koma sindinakondwe.

Ngati mwapeza ntchito yaikulu, ingondiuzani, sindikwiya. Ngati mwakhumudwa ndi mawu oti kuvina aja, ndapepesa. Koma musangokhala chete. Ndikaimba foni Amayi akuti muli ku shopu, ngakhale Lamulungu. Mwayamba liti kugwira ntchito Lamulungu?

Mwana wanu,
Kadontho

17 Epulo

Mwana wanga,

Moni. Tili bwino. Zilembo zako ndi izi, ndaziika pakati pa makatoni awiri kuti zisapindike. Zonse zilipo, ndaona kawiri. Mapepala amene unatumiza anatha, tinagula ena, ndiye usadabwe kuti ena ndi oyera kuposa anzawo.

Bambo ako akuti ukaziona uwalembere, uwauze zoona zokhazokha za mmene waionera ntchito yawo. Anena kawiri kuti ndilembe mawu oti zoona.

Ine ndikuti uziyang'ane bwino usanayankhe.

Amayi ako

25 Epulo

Bambo anga okondedwa,

Moni wa chimwemwe! Amayi, moni inunso, zikomo chifukwa cha makatoni aja, zafika zosapindika.

Bambo, mwandipusitsa bwino! Munati simungalembe zopendama, munati tchimo likhale langa, kenako mwakhala masabata asanu mukundikonzera zimenezi mwakachetechete. Nditatsegula makatoni aja mu ofesi ndinakuwa, mpaka mnzanga wa desiki yoyandikana anagwetsa foni.

Mwati ndinene zoona. Zoona ndi izi: pa intaneti ponse palibe fonti yofanana ndi iyi. Anthu amene amapanga zilembo zosewera pa kompyuta amazipotoza dala, ndipo zimaoneka kuti ndi dala, ngati munthu wamkulu akudziyankhulitsa chimwana. Zanu sizili choncho. Mzere uliwonse ukugwedera pang'onopang'ono. Mwendo wa R ukupita kwina, akufuna kuthawa m'kalasi. S wangodzuka kumene, sanasambe. Nanga 8 uja, mutu waukulu kuposa mimba! Munachita bwanji kuti burashi igwedere chonchi pa zilembo zonse? Luso limeneli munkalibisa kuti zaka zonsezi?

Sindinawongole kanthu. Ndinangozijambula, kuchotsa timadontho ta penti tomwe tinagwera m'mbali, ndi kukonza mipata kuti A ndi V asatalikirane. Mayi wa sukulu atabwera anagwira pakamwa. Akuti, "Ee, ndi mwana wa zaka zingati walemba izi? Ameneyu ndikumufuna pa sukulu yanga!" Nditamuuza kuti ndi bambo anga a zaka 68, anaseka mpaka misozi, nane ndinaseka. Wazikonda kwambiri moti wati ndiziike paliponse, osati pa mitu pokha, ndipo ndatero.

Webusaiti yatsegulidwa Lachiwiri. Adiresi yake ndalemba kuseri kwa pepalali. Mupite nayo kwa atelala, foni yawo ili ndi intaneti, akakuonetseni. Bwana amene ankanena za kusema pamwala uja tsopano akuti fontiyi tingaigwiritse ntchito kwa makasitomala enanso, ogulitsa zidole ndi okonza maphwando a ana. Fonti iliyonse imakhala ndi dzina, ndiye iyi taitcha Chibwana.

Ndikunyadira kwambiri, Bambo. Ndiyankheni msanga, ndimve mmene mwasekera.

Mwana wanu,
Kadontho

9 Meyi

Bambo ndi Amayi,

Moni. Muli bwanji kumeneko? Ine ndili bwino, koma chete wanuyu wayamba kundidetsa nkhawa. Masabata awiri atha, dalaivala akabwera amangondibayibitsa manja opanda kanthu. Pa foni Amayi akuti Bambo akupuma, dzana akuti akusamba, dzulo akuti akupumanso.

Ndakhala ndikuganiza kuti ndalakwa pati, ndipo ndikuona ngati ndapeza. Pa chikwangwani chilichonse mumalemba dzina lanu pakona yapansi, ine pa webusaiti sindinaike. Ndi zimenezo, eti? Ndakonza lero m'mawa. Pansi penipeni pa tsamba palembedwa kuti zilembo zinalembedwa ndi dzanja lanu, dzina lonse, lathunthu. Aliyense wotsegula aziona kuti mwini wake ndani.

Mwapita kwa atelala? Mwaona? Ndiuzeni kanthu, ngakhale kondidzudzula.

Kadontho

16 Meyi

Mwana wanga,

Moni. Iyi ndikulemba ndekha, ndili kwa atelala, bambo ako sakudziwa. Ukayankha, kalata yanga uiike mu envulopu yakeyake, ifikire kuno kwa atelala.

Ndakhala ndikukunamiza pa foni, ndipo ndatopa nazo. Bambo ako sanavinitse zilembo zija. Anazilemba zowongoka. Kumeneko ndiye kuwongoka kumene dzanja lawo latsala nako.

Linayamba chaka chatha, nthawi yozizira. Poyamba chinali chala chachikulu chokha, akakhala pansi. Pano ndi dzanja lonse lamanja. Tiyi ndimawathirira theka la kapu. Mabatani a malaya ndimamanga ndine. Za shopu yosindikiza ndi makina zija ndi zoona, koma si zimene zinathetsa ntchito. Mu Novembala analemba chikwangwani cha wogulitsa mankhwala a ziweto. Mwini wake anabwera, anachiyang'ana, n'kunena mwaulemu kuti adzachitenga mawa. Mpaka lero chili kuseri kwa chitseko, chayang'ana kukhoma. Kuyambira pamenepo ankangopita ku shopu m'mawa uliwonse, kutsuka maburashi oyera kale, n'kubwera madzulo. Anandiletsa kukuuza. Kuchipatala akukana, akuti ndi kutopa chabe.

Kalata yako yoyamba itafika anasangalala, ngakhale anakuyankha mokalipa. Anati papepala n'posavuta, palibe makwerero, palibe mphepo. Anayeza mizere ndi pensulo, ine ndikuwagwirira rula. Polemba, dzanja lamanja ankaligwira ndi lamanzere. Chilembo chimodzi ankachibwereza kakhumi, nthawi zina kupitirira. R yekha anadya tsiku lonse ndi mapepala asanu ndi awiri. Zimene unalandira ndi zimene anasankha kuti ndizo zowongoka kuposa zonse. Potseka katoni anati, "Mwanayu ali ndi diso langa. Akati zili bwino, ndiye kuti ndikadali mmisiri."

Kalata yako yoyamikira zilembo ija ndinawawerengera ndine. Ndinafuna kudumpha mizere ina, koma anandiona ndikuzengereza, anati werengani zonse. Pa mwana wa zaka zingati paja anadzuka, n'kukaima pakhonde nthawi yaitali. Atabwera anangoti, "Chibwana," n'kupempha madzi osamba. Kuyambira tsiku limenelo ku shopu sanapondeko. Kwa atelala akana kubwera kudzaona. Kalata yako ya dzina ija sindinawawerengere n'komwe, ndinaibisa. Ukanawaona nkhope ukanamvetsa.

Sindikukudzudzula, sunadziwe. Wolakwa ndine, amene ndinakulembera mozungulira m'malo mongonena. Koma ndikupempha chinthu chimodzi. Pa kompyuta umatha kukonza zinthu. Uziwongole zilembozo, usindikize papepala, uwatumizire. Uwauze kuti unkangowaseka, kuti kupotoza unapotoza wekha monga anakuuzira, ndipo zawo zenizeni ndi zimenezo. Maso awo si akale, mwina akhulupirira. Ine chimene ndikufuna n'chakuti adzuke m'mawa, avale nsapato, atuluke m'nyumba muno. Munthu amene sankatha kukhala pansi ola limodzi, lero akungoyang'ana khoma, ndipo ndikuchita mantha.

Amayi ako

21 Meyi

Amayi,

Moni. Kalata yanu ndinakaimalizira m'chimbudzi cha ku ofesi, chifukwa nditafika pa rula paja sindikanatha kukhala pa desiki. Ndalira, Amayi, ndipo ndakwiya. Ndakwiyira inu, ndakwiyira Bambo, koma kwambiri ndadzikwiyira ndekha. Munandiuza kuti ndiziyang'ane bwino. Ndinaziyang'ana masiku atatu, chilembo chilichonse ndinachikulitsa mpaka kudzaza sikirini, kugwedera kulikonse ndinakuona, koma ndinangoona fonti. Mizere ya pensulo inali pomwepo pansi pa penti, yowongoka bwinobwino. Ndinaifufuta ngati litsiro, osadzifunsa kuti munthu wofuna zopendama amayezeranji.

Dzina lawo ndalichotsa pansi pa tsamba lija.

Ndachita zimene mwapempha. Si ntchito yovuta. Chilembo pa kompyuta chimakhala ndi timfundo m'mphepete mwake, ukachotsa tambiri n'kusiya tochepa, mzere umawongoka wokha. R anali ndi timfundo toposa zana, watsala ndi khumi ndi tisanu. Zatuluka zokongola. Mtima wanga sukugwirizana nazo, koma amene muli nawo pafupi ndinu. Mawu ali pansiwa ndi opita kwa Bambo, muwawerengere powapatsa pepala losindikizalo.

Bambo, moni. Pepani, nthabwala yanga ija inapitirira muyezo. Zopendama zija ndinapotoza ndekha monga munandiuzira. Zanu zenizeni ndi izi ndasindikizazi, onani mmene zaimira. Dzanja lanu ndi lomwe lija.

Kadontho

30 Meyi

Kadontho,

Moni. Akulemba ndi amayi ako, ndipo ulendo uno chifukwa chake ukuchidziwa. Anaulula okha dzulo, nditawafunsa kamodzi kokha.

Pepala lako ndaliona. Zilembo zabwino. Mwini wake ndani?

O wanga ndimamulemba mbali ziwiri, kumanzere kenako kumanja, ndipo pamene burashi ikumana pansi pamatsala kaphewa. Wakhala ndi kaphewa kameneko kuyambira usanabadwe, ukabwera ukaone pa chikwangwani cha telala. O wa papepala lakoli ndi wozungulira ngati anamulemba ndi kapu. T wanga mkono wakumanja ndi wautali pang'ono, dala, kuti chilembo chotsatira chisaoneke chotayika. Iwe mikono yonse waifananitsa. Sunachotse kunjenjemera kokha, wachotsa ndi ine yemwe.

Kalata yako yoseka ija inandipweteka, sindikana. Koma ija inali ya munthu amene wayang'ana ntchito yanga n'kunena zimene waona. Iyi ndi ya munthu amene akuyankhula ndi wodwala. Ndinapempha zoona. Ndinauza amayi ako kawiri kuti alembe mawuwo, kuti usawaphonye.

Chikunjenjemera ndi dzanja, mwana wanga. Maso ndi mutu zili bwino.

Bambo ako

4 Juni

Bambo,

Moni. Ndalakwa kawiri, ndipo kachiwirika ndinalakwa ndikudziwa. Pepani. Amayi musawakalipire, anachita chifukwa cha mantha, ndipo ine ndikanatha kukana.

Zoona ndi izi. Dzanja lanu silikuthanso kulemba mzere wowongoka. Chikwangwani cha pakhoma, cha mtundu umene munkalemba, sindikhulupirira kuti mudzalembanso. Mawu amenewa ndawalemba ndipo ndikudana nawo, koma munapempha.

Zoona zina ndi izi, ndipo sindikunena kuti ndikutonthozeni. Zilembo zija ndi zabwino. Mayi wa sukulu anakana mafonti khumi ndi awiri opangidwa ndi anthu a manja abwinobwino. Zanu anazitenga chifukwa pansi pa kugwederako pali chilembo chodziwa kuima. Kunenepa kwa mizere n'kofanana, kutalika n'koyezedwa, B sagwera pa C. Mwana wa zaka zisanu sangalembe zimenezo, ndipo ine ndinayenera kumuuza mayiyo pomwepo m'malo moseka naye. Dzina loti Chibwana lija ndalichotsa. Pakali pano fontiyo ilibe dzina.

Zilembozo ndi zanu. Mukati zichoke, ndizichotsa tsiku lomwelo n'kubwezeretsa za ofesi zija, ndipo mayi wa sukulu ndi bwana ndithana nawo ndekha. Bwana ndamuuza kale kuti kasitomala wina asazigwire mpaka inu mutanena. Sanakondwe, koma amva. Chimene ndikupempha n'chakuti musaweruze musanaone. Pitani kwa atelala, ndi pakhomo pomwepo.

Ndiye za kuchipatala, Bambo. Ndapempha tchuthi kumapeto kwa mwezi uno. Ndikubwera, tipitira limodzi. Pamenepa sindikufunsa maganizo anu.

Mwana wanu,
Kadontho

15 Juni

Kadontho mwana wanga,

Moni. Tili bwino. Kalata yako inakhala masiku anayi pansi pa wailesi ndisanalole kuti andiwerengerenso kachiwiri. Lachisanu ndinapita kwa telala. Anandikhazika pa mpando wa makasitomala n'kundigwirira foni, poti ndikaigwira ine zithunzi zimathawa.

Ndaona. Tsopano umve, chifukwa zimenezi kusukulu yako ya kompyuta sanakuphunzitse.

Choyamba, wazimwaza paliponse. Chikwangwani chili ndi mawu oitana ndi mawu ouza. Oitana ndi dzina la malo, amenewo avine mmene angafunire. Ouza ndi nthawi, njira ndi nambala ya foni, amenewo aime chilili. Telala anayesa kuwerenga nambala ya sukuluyo, 3 anamuyesa 8 kawiri konse, atavala magalasi. Kholo lili pa basi, foni ikugwedezeka, zilembo nazonso zikugwedezeka, liimbira ndani? Mayi wa sukuluyo akati paliponse, ntchito yako ndi kumukaniza mwaulemu. Kasitomala amadziwa chimene akufuna, sadziwa pamene chiyenera kuthera. Zanga uzisiye pa mitu pokha, zazikulu. Pa mawu ang'onoang'onowo bwezera za ofesi zija.

Chachiwiri ndicho chandilembetsa kalatayi. Pa tsamba loyamba ndawerenga chilembo cha a, ndapeza alipo khumi ndi mmodzi. Onse akunjenjemera pamalo amodzimodzi, kamchira kofanana, ngati ana ovala yunifolomu. Limenelo ndi bodza. Dzanja ili ndakhala nalo chaka chathunthu, ndikulidziwa: silinjenjemera mofanana kawiri. Munthu wa diso akaona a awiri oyandikana ofanana chonchi adziwa kuti ndi makina, ndipo ntchito yonse yagwa. Uone ngati kompyuta yakoyo ingathe kumasinthanitsa, ikaika a uyu, wotsatira iike wina. Ngati ingathe, ndikulembera a atatu, e atatu, ndi ena amene amabwerabwera, i, n, o ndi u. Ngati singathe, uiphunzitse.

Zilembozo zisachoke. Dzina la fontiyo ndidzakuuza ukabwera. Za kuchipatala ndamva, ndipo amayi ako asita kale malaya ngati tikupita mawa.

Ubwere ndi mapepala ambiri, okhuthala ngati oyamba aja.

Bambo ako

Mwana wanga, ndiwonjezere pansipa, iwo atuluka. Apita ku shopu, lero ndi tsiku lachitatu. Dzulo nditawapititsira chakudya ndinapeza pansi pali mapepala okwinya. Ndinatola limodzi, ndinalitambasula, ndipo panali chilembo chimodzi, a wabwinobwino, woima ngati akale aja. Ndinati, "Bambo a Kadontho, uyu mwamutayiranji?"

Sanatembenuke n'komwe. Akuti, "Ameneyo watuluka wowongoka. Sagwirizana ndi anzake."